Gulugufe Amene Akatswiri Anachedwa Kumuona

M'mbali mwa timitsinje ta pa phiri la Table Mountain ku Cape Town mumamera duwa lofiira lotchedwa Disa uniflora, la m'banja la ma orchid, mbale wa zomera zija anthu amakumbako chinaka ku Nyika. Peter Jonas Bergius wa ku Sweden analipatsa dzinali mu 1767, koma panapita zaka zoposa 120 asanadziwike amene amalinyamulira mungu. Duwa lothyoledwa kale, lili gone patebulo, silingaulule zimenezi, chifukwa nkhani yake yonse imachitikira kuphiri.

Mungu wa orchid si fumbi louluka ngati wa chimanga. Pa duwali umakhala womangika m'timitolo tiwiri, ndipo kunsi kwake kuli kachigamba komata. Gulugufe akatera kufuna timadzi totsekemera, kachigambako kamamugwira, mtolo n'kuzuka wathunthu. Akafika pa duwa lina mtolowo umakhudza pamalo ponanda, mungu n'kutsalira pomwepo. Wina anganene kuti zoterezi munthu angazidziwe ali m'nyumba, ndipo ali ndi mfundo. Charles Darwin, m'buku lake la 1862, anasonyeza kuti ukalowetsa nsonga ya pensulo m'duwa la Orchis mascula mtolo umatuluka utamatirira, kenako m'masekondi pafupifupi 30 umawerama wokha kuti ukalunjike bwino pa duwa lotsatira. Komatu pensulo imangoonetsa mmene msampha umafwamphukira, siyitchula amene amakodwamo. Roland Trimen, amene ankawadziwa agulugufe a ku Cape kuposa anzake ambiri, analifotokoza duwa la Disa uniflora mosamala m'zaka za m'ma 1860 atalimbikitsidwa ndi Darwin, koma mlendo wake sanamutchule.

Anamutchula ndi Rudolf Marloth mu 1895, munthu wokonda kukwera mapiri: gulugufe wamkulu wodera, Aeropetes tulbaghia, amene amathamangira chilichonse chofiira, ngakhale chipewa cha munthu wodutsa. Akatswiri Steven Johnson ndi William Bond atabwerera ku nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990, anatsimikiza kuti timitolo ta duwali timamatirira kumiyendo yake. Pa phiri lomwelo pali Disa ferruginea, yofiiranso koma yopanda timadzi ngakhale dontho. Gulugufe amaisokoneza ndi maluwa ofiira a Tritoniopsis triticea, n'kuchokapo ndi njala, atasenza mungu pamlomo.