Madzi a mvula m'tauni: momwe boma la Prince George's ku America limatetezera mitsinje yake

Mvula ikamagwa madzi ake amakhala oyera, koma akadutsa padenga, pamsewu wa phula ndi pabwalo loimikapo magalimoto amafika kumtsinje atasenza dothi, mafuta a injini, feteleza, ndowe za ziweto ndi zinyalala. M'dziko la United States udindo waukulu woletsa kuipitsa mitsinje kotereku uli m'manja mwa mizinda ndi maboma ang'onoang'ono otchedwa county, omwe amafanana ndi makhonsolo a maboma ku Malawi. Limodzi mwa maboma odziwika pa ntchitoyi ndi Prince George's, m'chigawo cha Maryland. Mfundo yomwe bomali lidathandiza kufalitsa ndi yakuti madzi a mvula aziimitsidwa ndi kusefedwa pomwe agwera, m'malo mowathamangitsira kumtsinje kudzera m'mipaipi.

Derali ndi mitsinje yake

Boma la Prince George's lili kummawa kwa mzinda wa Washington, ndipo likulu lake ndi Upper Marlboro. Kalembera wa mu 2020 adapeza kuti mumakhala anthu oposa 967,000. Madzi a m'derali amathera m'mitsinje itatu ikuluikulu: Patuxent chakummawa, Potomac chakummwera chakumadzulo, ndi Anacostia yomwe imadutsa mu Washington isanakathire mu Potomac. Yonseyi imakafika ku Chesapeake Bay, nyanja yaikulu momwe madzi a m'mitsinje amasakanikirana ndi madzi amchere a Atlantic. Nyanjayi imalandira madzi kuchokera kudera la masikweya kilomita pafupifupi 166,000, momwe mumakhala anthu oposa 18 miliyoni, ndipo ndi yotchuka ndi usodzi wa nkhanu ndi nkhono zodyedwa.

Mtsinje wa Anacostia udayamba kalekale kuzunzika ndi zochitika kumtunda. Tauni ya Bladensburg idakhazikitsidwa mu 1742 ngati doko pomwe zombo zinkanyamulira fodya wopita ku Ulaya. Alimi atagwetsa nkhalango n'kutsegula minda ya fodya, dothi lidakokolokera mumtsinje mpaka pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 zombo zikuluzikulu zidalephera kufikako. Masiku ano minda yambiri ija idasanduka nyumba, masitolo ndi misewu, ndipo chomwe chikuononga mtsinjewo tsopano ndi madzi othamanga kuchokera pa malo omata phula ndi simenti.

Zomwe phula limachita ku mtsinje

M'nkhalango kapena pa udzu mvula yambiri imalowa pansi. Dothi ndi mizu zimasefa madziwo, ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe, motero mtsinje suphwa mvula ikatalikira. Pamalo omata, pafupifupi madzi onse amayenderera pamwamba nthawi imodzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapanga lita imodzi ya madzi. Choncho denga la masikweya mita 100 limatulutsa malita 2,500 pa mvula ya mamilimita 25, pomwe bwalo la phula la hekitala imodzi limatulutsa malita 250,000.

Ambiri amaganiza kuti madzi olowa m'ngalande za mumsewu amapita kukatsukidwa. Ku Prince George's sizitero. Zonyansa za m'zimbudzi zili ndi mipaipi yake yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la WSSC Water ndipo zimakatsukidwa, koma madzi a mvula amayenda m'mipaipi ina yomwe imakakhuthulira mumtsinje wapafupi. Chilichonse chotayidwa pamsewu chimafika m'madzi chili chomwecho.

Kuononga kwake kuli pawiri. Mphamvu ya madziwo imagumula magombe, kugwetsa mitengo ndi kukwirira ndi matope miyala yomwe nsomba zimaikiramo mazira. Ndiye pali zomwe madziwo anyamula. Nayitirojeni ndi fosiforasi wa mu feteleza zimachulukitsa ndere m'nyanja. Ndere zikafa n'kumaola zimamaliza mpweya wa okosijeni m'madzi, ndipo m'nyengo yotentha mbali zina za Chesapeake Bay zimakhala zopanda mpweya wokwanira nsomba ndi nkhanu. M'nyengo yachisanu mchere womwe umathiridwa m'misewu posungunula madzi oundana umatsetserekera m'timitsinje ta madzi opanda mchere. Mu 1994 katswiri wa za mitsinje, Tom Schueler, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana adaonetsa kuti timitsinje timayamba kufooka malo omata akafika magawo 10 pa 100 alionse a dera lozungulira, ndipo timaonongeka kwambiri akapitirira magawo 25.

Malamulo omwe amakakamiza maboma

Lamulo la dziko lonse loteteza madzi, Clean Water Act, lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo poyamba lidalimbana kwambiri ndi mafakitale ndi malo otsukira zonyansa za m'zimbudzi. Mu 1987 aphungu adalikonza kuti likhudzenso madzi a mvula. Bungwe loona za chilengedwe la EPA lidatulutsa malamulo ake mu 1990 okhudza mizinda ndi maboma a anthu oposa 100,000, ndipo mu 1999 lidaonjezerapo madera ang'onoang'ono. Kuyambira pamenepo boma lomwe mipaipi yake imakhuthulira madzi mumtsinje liyenera kukhala ndi chilolezo, monga momwe fakitale imachitira. Ku Maryland chilolezochi chimaperekedwa ndi nthambi ya chigawo yoona za chilengedwe ndipo chimalembedwa kuti chigwire ntchito zaka zisanu.

Mu Disembala 2010 EPA idaika malire a zoipa zomwe Chesapeake Bay ingalandire pa chaka. Zigawo zisanu ndi chimodzi pamodzi ndi mzinda wa Washington zidauzidwa kuchepetsa nayitirojeni ndi magawo 25 pa 100, fosiforasi ndi magawo 24, ndi matope ndi magawo 20, ndipo njira zonse zochitira zimenezi zidayenera kukhala zitakhazikitsidwa pofika 2025. Chaka chomwecho cha 2010 mtsinje wa Anacostia udaikiridwanso malire a zinyalala. Potsatira zimenezi, chilolezo chomwe Prince George's idalandira mu Januwale 2014 chidalamula kuti bomali likonze gawo limodzi mwa magawo asanu a malo ake omata omwe madzi ake ankapita kumtsinje osasefedwa mokwanira.

Dimba la mvula

Kwa zaka zambiri njira yozolowereka idali yokumba dziwe limodzi lalikulu kumunsi kwa nyumba zatsopano kuti madzi azisonkhanamo n'kumatuluka pang'onopang'ono. Cha m'ma 1990 Larry Coffman, mmodzi mwa akuluakulu a nthambi ya zachilengedwe m'bomali, adayesa njira ina pamodzi ndi womanga nyumba wina pamalo otchedwa Somerset. Pa puloti iliyonse adakonza kadimba kolowa pansi pang'ono, ka masikweya mita pakati pa 28 ndi 37, kuti madzi a padenga ndi pabwalo azithera momwemo. Njirayi idatsika mtengo kuposa ya mipaipi ndi maiwe. Bomali lidalemba buku lolangiza amisiri za kamangidwe kake mu 1993, ndi lina lofotokoza njira yonse yomangira mosasokoneza kayendedwe ka madzi mu 1999. Lero madimba a mvula akupezeka m'maiko ambiri.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Pansi pa dimba amaikapo dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa, pamwamba pake n'kuphimbira ndi tizidutswa ta makungwa, ndipo amadzalamo maluwa, udzu ndi zitsamba zachilengedwe za m'deralo zomwe zimapirira kunyowa ndi kuuma komwe. Madzi amadikha kwa kanthawi kenaka n'kulowa pansi. Matope amatsalira pamwamba, zitsulo monga kopa ndi zinki zimakanirira m'dothi, tizilombo ta m'nthaka timaphwanya mafuta, ndipo mizu imayamwako zina mwa zakudya za mu feteleza. Dimba lokonzedwa bwino limauma pasanathe masiku awiri, nthawi yomwe ndi yochepa kuti udzudzu uswane. Pomwe dothi lili la makande amaika paipi yobooka pansi kuti ichotse madzi osefedwa kale. Dimbalo limatalikirana ndi maziko a nyumba ndi mamita osachepera atatu.

Mu 2007 chigawo cha Maryland chidakhazikitsa lamulo lakuti omanga nyumba zatsopano aziyamba agwiritsa ntchito njira zing'onozing'ono zotere momwe angathere, asanaganize za maiwe. Kumadera akale ntchito imakhala yokonzanso zomwe zidamangidwa kale. Tauni yaing'ono ya Edmonston, m'mphepete mwa nthambi ina ya Anacostia, idakonzanso msewu wa Decatur Street mu 2010 podzala mitengo ndi kuika madimba a mvula m'mbali mwake.

Zomwe ndondomeko ya boma imakhala nazo

Ndondomeko imayamba ndi mapu. Akatswiri amajambula mipaipi yonse, malo omwe imakhuthulira madzi, maiwe akale ndi malo onse omata, kenaka amagawa bomalo potsata mitsinje. Pa mtsinje uliwonse amawerengera kuchuluka kwa zoipa zomwe zikulowamo ndi zomwe ziyenera kuchotsedwa, n'kusankha ntchito zoyenera: kukonzanso maiwe akale kuti azisefa madzi, kubwezeretsa magombe ogumuka, kudzala mitengo, kusesa misewu ndi magalimoto ndi kutchera misampha ya zinyalala pa timitsinje.

Gawo lina ndi la kuyendera. Oyendera amapita kukamwa kwa mipaipi nthawi yomwe mvula sinagwe, popeza madzi otuluka tsiku louma amatha kusonyeza kuti wina adalumikiza molakwika paipi ya kuchimbudzi kapena akutaya madzi a kufakitale. Amayenderanso malo omwe akumangapo poonetsetsa kuti dothi lofukulidwa latchingidwa. Chaka chilichonse boma limapereka lipoti ku chigawo.

Palinso malamulo oletsa zoipa zisanafike pamsewu. Lamulo la Maryland la mu 2011 lidachotsa fosiforasi mu feteleza wambiri wa kapinga ndipo limaletsa eni nyumba kuthira feteleza kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, pomwe udzu sukula. Prince George's idaletsa mbale zofewa zonyamulira chakudya zopangidwa ndi polystyrene mu 2016, ndipo kuyambira Januwale 2024 idaletsa majumbo apulasitiki operekedwa m'masitolo.

Ndalama zake

Mu 2012, Martin O'Malley ali bwanamkubwa, Maryland idalamula maboma akuluakulu asanu ndi anayi ndi mzinda wa Baltimore kuti azitolera ndalama yapadera ya madzi a mvula. Otsutsa adaitcha msonkho wa mvula, ndipo boma la Frederick lidasonyeza kukana kwake polipiritsa senti imodzi yokha pa chaka. Mu 2015 bwanamkubwa Larry Hogan adasayina lamulo lochotsa kukakamizako, komabe boma lililonse lidatsala ndi udindo woonetsa komwe litapeze ndalama zogwirira ntchitoyo.

Prince George's idayamba kutolera ndalamayi mu 2013 ndipo sidaisiye. Malipiro amatengera kukula kwa malo omata pa puloti, kotero mwini sitolo yaikulu yokhala ndi bwalo lotambalala amalipira zambiri kuposa mwini nyumba. Nyumba yapakatikati idayamba ndi madola pafupifupi 41 pa chaka. Kudzera m'ndondomeko ya Rain Check, bomali lidayamba kubwezera ina mwa ndalama zomwe munthu waononga pogula mgolo kapena thanki yokololera madzi a padenga, kukonza dimba la mvula, kudzala mitengo, kuswa simenti yosafunika, kuyala njerwa zolowetsa madzi pansi kapena kudzala zomera padenga. Matchalitchi ndi mabungwe osafuna phindu amachepetseredwa malipiro akalola boma kumanga zosefera madzi pamalo awo kapena akamaphunzitsa anthu awo za nkhaniyi.

Mu 2015, Rushern Baker akutsogolera bomali, lidasayina mgwirizano wa zaka 30 ndi kampani ya Corvias wotchedwa Clean Water Partnership. Gawo loyamba, la madola 100 miliyoni, lidali lokonza maekala 2,000, omwe ndi mahekitala pafupifupi 800, m'zaka zitatu. Mgwirizanowo udaphatikiza kusamalira zomangidwazo kwa zaka zonsezo, komanso udalamula kuti gawo lalikulu la ntchito lipite kwa makontilakitala ang'onoang'ono ndi anthu okhala m'bomalo.

Zovuta zomwe zatsala

Ntchitoyi ndi yochedwa ndiponso yokwera mtengo. Prince George's sidamalize gawo lomwe chilolezo cha mu 2014 chidalamula m'zaka zake zisanu, ndipo idachita kugwirizana ndi chigawo pa nthawi yoonjezera. Pa Chesapeake Bay yonse, akuluakulu adavomereza 2025 isanafike kuti cholinga chochepetsa nayitirojeni sichikwaniritsidwa pa nthawi yake. Malo ambiri omata ndi a anthu ndi makampani, ndipo boma silingakumbepo popanda chilolezo cha eni ake. Dimba la mvula lomwe silikuchotsedwa matope ndi zinyalala limatsekeka n'kusiya kusefa.

Mvula nayonso yasintha kagwedwe, ndipo yamphamvu ikugwa kawirikawiri kuposa momwe mipaipi yakale idawerengeredwa. Tauni ya Ellicott City, m'boma loyandikana nalo la Howard, idasefukira koopsa mu Julaye 2016 ndi mu Meyi 2018. Mu 2021 Maryland idakhazikitsa lamulo lakuti miyezo ya kamangidwe iziunikidwanso potsata ziwerengero zatsopano za mvula. Madimba ang'onoang'ono amakonzedwa kuti agwire mvula ya masiku onse, yomwe imanyamula zoipa zambiri pa chaka, koma sangaimitse okha chigumula chachikulu.

Pofuna kudziwa ngati ntchito ikupindula, akatswiri sayang'ana maekala okonzedwa okha. Amalowa m'timitsinje ndi maukonde ang'onoang'ono, n'kutembenuza miyala ndi kuwerenga nsomba ndi mphutsi za tizilombo zomwe zikukhala pansi pake. Mitundu ina imapirira madzi akuda, pomwe ina imatha msanga madzi akangoipa, ndipo kupezeka kwa mitundu yosapirirayi ndiko kumasonyeza kuti kamtsinje kayamba kuchira.