Kumva n'kosiyana ndi kumvetsa

Makolo ambiri amati mwana "wamvetsa" akangowerenga ndime mokweza osadodoma, koma tanthauzo la mawuwa n'lozama kuposa pamenepo. "Kumvetsa" kumachokera ku "kumva", mawu amene timanena pa za khutu, ululu ngakhalenso fungo. Kumvetsa ndiko kumva mpaka chinthu chikhazikike m'mutu, moti munthu angathe kuchifotokoza m'mawu akeake. Tiyerekeze kuti ana awiri a Sitandade 4 akuwerenga nkhani ya usodzi wa usipa. Wa ku Nkhotakota, amene amaona makoka a chilimira ndi nyali za asodzi usiku, aitola msanga nkhaniyo. Wa ku Dedza angatchule liwu lililonse molondola, koma osadziwa chifukwa chimene asodziwo amayatsira nyali. Nzeru zawo zingakhale zofanana, chosiyana ndi zimene aliyense wabwera nazo. Katswiri wa zamaphunziro wa ku America, David Ausubel, analemba mu 1968 kuti chachikulu pa kuphunzira ndi zimene wophunzira akudziwa kale.

Ena angati "kumva" kokha n'kokwanira, popeza aphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?" kalasi lonse limayankha kuti "Tamva!" N'zoona kuti timalankhula chotero, koma "kumva" kumatanthauzanso kumvera, ndipo mwana waulemu sangayankhe mwina pamaso pa aphunzitsi ake. Choncho yankho limenelo silitiuza ngati phunziro lalowa. Mayeso abwino amafuna kuti mwana afotokoze nkhaniyo payekha, anene chimene chinachititsa zinthu, kapena alosere chotsatira. Ndiye aphunzitsi, musanayambe kuwerengetsa, funsani kaye zimene ana akudziwa pa mutuwo, muwafotokozere zimene zikusowa, kenako muwayese ngati amvetsadi.