Kuchokera pa nkhulungo kufika pa kachitsulo ka waya

Mvula ikatha, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, amayi a m'midzi ya Mfumu Zingalume ku Chadiza amatsikira kudambo kukakumba mtsiro. Amaukanda ndi madzi, kuupaka ndi chikhatho m'nyumba ndi pakhonde, kenako n'kukwecha ndi nkhulungo mpaka pasalale. Mayi wodziwa kuzira satchula za muyeso, koma dzanja lake limaudziwa: dothi likachuluka limang'aluka pouma, likachepa pansi pakale pamaonekera. Funso lomweli, lakuti chopakacho chikhuthale bwanji, lasautsa opanga penti kwa zaka zoposa 100, ndipo chida chimene ambiri anakhazikika nacho ndi kachitsulo kozengedwa waya.

Kupaka utoto sikunabwere ndi sitolo kuno. M'mapanga a kum'mawa kwa Zambia, monga a Thandwe, komanso m'mapanga a Chongoni ku Dedza amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo osungidwa mu 2006, muli zithunzi zoyera zimene Achewa ankajambula ndi zala. Kenako kunabwera njereza, yomwe inayeretsa matchalitchi, masukulu ndi maofesi a boma. Njereza ndi yotsika mtengo, koma aliyense amene anatsamirapo khoma lake atavala malaya a Lamulungu akudziwa vuto lake. Penti wa m'zitini ndi amene anathetsa kuyoyokako. Kuyera kwake kumachokera ku ufa wotchedwa titanium dioxide, umene unayamba kupangidwa wambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka lero uli m'gulu la zokwera mtengo kwambiri m'chitinimo. Choncho mwini fakitale amafuna kudziwa kuti angauchepetse kufika pati penti asanayambe kulephera kubisa khoma. Burashi singamuyankhe, chifukwa anthu awiri sapaka mofanana.

Yankho linachokera ku ntchito ina. Mu 1905, Charles W. Mayer anayambitsa kampani yopanga makina opakira mapepala mumzinda wa Rochester, m'chigawo cha New York ku America. Ankapaka sera ndi inki pamapepala a kaboni, aja amaikidwa pakati pa masamba a buku la malisiti pogula thonje kapena soya. Anatenga chitsulo chowongoka chozungulira n'kuchizenga waya wopyapyala mothinana, mzere kugundana ndi mzere unzake. Pakati pa mizere iwiri iliyonse pamatsala kangalande. Mukathira penti papepala n'kukoka chitsulocho, wambiri amakankhidwa, ndipo amene amatsala ndi yekhayo wadutsa m'tingalandeto. Amatuluka ali mizeremizere, koma asanaume imayenderana n'kukhala chinthu chimodzi chosalala. Ubwino wake ngwakuti amene amalamula kukhuthala ndi waya, osati dzanja la wokoka. N'chifukwa chake chidachi chinachoka pamakina n'kulowa m'zipinda zoyezera penti, inki ndi guluu, ndipo dzina la Mayer linachikanirira.

Kusankha kwake kumayambira pa nambala. Pa zitsulo za ku America, nambala imanena kunenepa kwa waya: nambala 10 ndi waya wa 0.254 mm, ndipo penti wosauma amene imasiya amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a wayayo, kutanthauza ma micron 25 kapena kucheperako pang'ono. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kampani ya ku England ya RK PrintCoat ili ndi manambala akeake ndipo imasiyanitsa zitsulo zake ndi mtundu wa chigwiriro: chachikasu chimasiya ma micron 6, chofiira 12, chobiriwira 24, chabuluu 100. Wogula wosasamala akaitanitsa "nambala 8" osatchula ya ndani, akhoza kulandira chitsulo chosiya ma micron 20 pamene iye amafuna 100.

Apa ndi pamene pali nkhani yokhudza munthu wa ku Zingalume. Penti wosauma wokhuthala ma micron 100 ndiye kuti lita imodzi yakwana masikweya mita 10. Ndowa ya malita 20 iyenera kupaka masikweya mita 200 ulendo umodzi. Mawu aja olembedwa pandowa ndi masamu omwewa. Poyesa, penti amakokedwa pakapepala kolimba komwe theka lake ndi lakuda, lina loyera, monga timene imapanga kampani ya Leneta. Akauma, makina amayerekeza kuwala kwa mbali ziwirizo, ndipo zikafanana kufika pa 98 mwa 100 amati pentiyo wabisa. Woyesa akasankha chitsulo cha waya wonenepa kuposa mmene penti adzapakidwire pakhoma, ngakhale penti wachabechabe amapambana. Ine ndimaona kuti kusankha chitsulo chogwirizana ndi zolembedwa pandowa ndi nkhani ya chilungamo kuposa ya luso.

Chidachi chilinso ndi malire ake. Penti wolimba kwambiri sayenderana msanga, amauma mizere ili pomwepo. Woteroyo amamukoka ndi chitsulo china chosalala chokhala ndi mpata wodulidwa kale, chotchedwa Bird. Penti akaumira m'tingalande, chitsulo chimayamba kusiya wochepa osaonetsa chizindikiro, ndipo waya akaperepeseka zimakhala chimodzimodzi. Ndiye chimatsukidwa nthawi yomweyo ndi burashi yofewa. Chifukwa cha mavutowa, m'zaka zapitazi opanga anayamba kudinda tingalande pachitsulo chenichenicho popanda waya, zomwe sizivuta kutsuka. Palinso makina okoka chitsulo pa liwiro limodzimodzi, poti wokoka ndi manja akazengereza pakati, pamatsala chipsera.

Kuno ku Zambia, miyeso ya katundu imaikidwa ndi Zambia Bureau of Standards, ndipo lamulo la 2017 linakhazikitsa Zambia Compulsory Standards Agency kuti iziona ngati miyeso yokakamiza ikutsatidwa. Koma ndowa ikatsika galimoto yochokera ku Chipata, ulamuliro wa mabungwewa wathera pomwepo. Khoma la pulasitala watsopano si pepala losalala, limamwa. Pamwamba pa apo mwini nyumba amauza mmisiri kuti, "Bambo, muonjezereko madzi, ndowa imodzi ikwane nyumba yonse." Mmisiri amamvera. Madzi akafanana kuchuluka ndi penti, chotsala pakhoma chikauma ndi theka la chimene anayeza kufakitale, ndipo sipatenga nthawi simenti isanayambe kuonekera pansi pa mawindo.