Mmene nkhanza za m'banja zimayendela m'maganizo a womenya

Munthu amene wamenya mkazi wake akafunsidwa, kambili amakamba kuti mkwiyo unamugwila mwadzidzidzi, sanadziwe cimene anali kucita. Koma tikailondola bwino nkhaniyo, timapeza kuti inayamba masiku angapo dzanja lisanatukulidwe. Tikamba za mwamuna cifukwa ndiye amapezeka kwambili pa milandu imeneyi, ngakhale kuti aliponso akazi ozunza amuna ao ndi ana.

Mu 1979 Lenore Walker, katswili wa za maganizo wa ku America, atamva nkhani za akazi ambili omenyedwa, anafotokoza kuti nkhanza zimazungulila m'magawo atatu: kufufuma kwa mkwiyo, kumenya kwenikweni, ndi kupepesa. Si nyumba zonse zimene zimatsatila ndondomeko imeneyi, koma ambili a ife tidzaizindikila.

Pa gawo loyamba mwamuna amasunga milandu mumtima. Ndiwo zacepa mcele, foni ya mkazi yalila usiku, wacedwa kubwela kucokela ku msika kapena ku msonkhano wa azimai. Ciliconse amaciwelenga ngati cipongwe. Pansi pa zonsezi pali ganizo lakuti popeza anapeleka cimalo, mkazi afunika kumumvela monga mwana. Motelo amadziona kuti wolakwilidwa ndiye, ndipo pofika tsiku lomenya amakhala atadzipatsa kale cilolezo. Mowa umangocotsa manyazi amene anatsala.

Mau akuti "ndinalephela kudzigwila" sitiyenela kuwameza msanga. Munthu yemweyo akatukwanidwa ndi abwana ku nchito amakhala cete. Amaphwanya foni ya mkazi, yake ili m'thumba. Ena amasankha pomenya, pamene citenge cidzabisa mabala, ndipo aneba akagogoda pa citseko mau amatsika nthawi yomweyo. Munthu wotele akudziwa malile ake. Cimene afuna n'cakuti m'nyumba muyende mau ake cabe, ndipo akaona kuti mantha agwila nchito, ulendo wina zimamupepukila.

Pambuyo pake mtima wake umatsika, ndiyeno kumabwela mantha akuti mkazi adzacoka kapena adzapita ku polisi. Apa amayamba kucepetsa nkhani: inali mbama imodzi cabe, ndiwe unandiputa, ni Satana. Amagula citenge, amalila, amaitana ankhoswe. Pa gawo limeneli ndiye pamene ise a mu mpingo timamuona, wofatsa ndi wosweka mtima, pamene mkazi akali wokwiya ndi wosokonezeka. N'capafupi kuwayanjanitsa tsiku lomwelo ndi kuuza mkazi kuti apilile. Misozi ingakhale yoona, koma ngati akali kugawila mkazi mbali ya mlandu, ganizo lija la cilolezo likalipo. M'nyumba zambili, zaka zikamapita, kupepesa kumafupika mpaka kutha, kumenya n'kumakula. Nthawi yoopsa koposa ni pamene mkazi afuna kucoka, cifukwa womenya amaona kuti ulamulilo ukumupulumuka.

Lamulo la Anti-Gender Based Violence Act la mu 2011 limalola khoti kupeleka cikalata coletsa wozunza kuyandikila wozunzidwa, ndipo limawelengela ngati nkhanza ngakhale kuopseza ndi kumana munthu ndalama zofunika pa nyumba. Mlandu ungakanenedwe ku Victim Support Unit pa polisi, kapena mwa kutuma foni pa nambala yaulele ya 933. Ya ana ni 116.