Mabungwe a akatswiri a matenda a mbewu

Awa ndi magulu a asayansi ofufuza tizilombo toyambitsa matenda m'mbewu. Amachititsa misonkhano, amasindikiza magazini a kafukufuku, ndiponso amagwirizana za mayina a matenda kuti chimene katswiri wa ku Lusaka wapeza chimveke kwa mnzake wa ku Lyon. Lodziwika kwambiri ndi American Phytopathological Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1908 ndipo limatulutsa magazini a Phytopathology ndi Plant Disease. La dziko lonse lapansi, International Society for Plant Pathology, linayamba mu 1968. Msonkhano wake waukulu umachitika zaka zisanu zilizonse.

Ku Zambia ntchito yambiri yotereyi ili m'manja mwa bungwe la kafukufuku wa zaulimi la ZARI, ku Mount Makulu kufupi ndi Chilanga. Akatswiri ake atapeza matenda oola chinangwa a cassava brown streak kumpoto kwa dzikoli, anawalengeza mu Plant Disease mu 2018. Wogulitsa tomato ku Kamwala mu Lusaka mwina sanamvepo za mabungwewa, komatu chiwawu chikagwa m'madimba, mtengo pamsika umakwera. Zambia ndiyonso inatsogolera pempho ku United Nations loti 12 Meyi likhale tsiku lokumbukira thanzi la zomera, ndipo linavomerezedwa mu 2022.