Kuchokera m'kabuku ka msungichuma kufika ku banki

Pamene tinkayamba kukumana ku Olievenhoutbosch, m'dera la Centurion, palibe amene ankaganiza za lamulo. Tinkachita zomwe tinazolowera kumudzi. A ku Malawi tinkati chipereganyu kapena banki m'khonde, a ku Chipata ankati chilimba, ndipo eni dziko kuno amati stokvel. Aliyense ankasonkha, msungichuma n'kulemba m'kabuku, basi.

Mwambowu kuno ku Joni ndi wakale. Pa nthawi ya tsankho, mabanki sankalabadira anthu akuda, choncho amayi a m'malokeshoni ankasungirana okha ndalama za maliro, za sukulu ndi za chakudya cha Khirisimasi. Mu 1988 a Andrew Lukhele anakhazikitsa bungwe la NASASA kuti liziyankhulira magulu oterewa. Kenaka mu 1990 kunabwera lamulo la mabanki, lomwe limati wolandira ndalama za anthu wamba kuti azisunge ngati bizinesi ayenera kukhala ndi chiphaso cha banki. Kungolitenga mmene lilili, ngakhale ife a kabuku tikanatha kupezeka olakwa. Chomwe chinapulumutsa magulu n'chakuti boma linawapatula pa chifukwa chimodzi: mamembala ake amadziwana, ndipo ndalama zimazungulira pakati pawo pokha. Gulu likakula, ndalama n'kupitirira R100,000, limayenera kulowa m'bungwe ngati NASASA.

Mfundo ya kudziwanayi tinaimvetsa mochedwa. Titafuna kusiya kungogawana pa Disembala n'kuyamba kuika ndalama kuti zizibereka, ena anati tizilandiranso za anthu akunja kwa gulu, tiziwalonjeza chiwongoladzanja. Tinakangana mpaka mdima. Amene anatiletsa ndi mayi wina wachikulire yemwe anali atataya ndalama zake mu MMM, yomwe inagwa mu 2016. Anatifunsa kuti, "Kodi ana anga, phindulo lizichokera kuti?" Tinasowa choyankha. Pambuyo pake tinamva kuti lamulo loteteza ogula la 2008 limaletsa njira zolipira akale ndi ndalama za olowa kumene, ndiponso kuti wolangiza anthu za koika ndalama ayenera kukhala ndi chiphaso cha FSCA, yomwe maofesi ake ali konkuno ku Pretoria.

Chovuta kwambiri chinali akaunti. Kwa nthawi yaitali ndalama zonse zinkakhala m'dzina la munthu mmodzi, ndipo tinkati ndi wokhulupirika, tingaope chiyani? Koma mwini akaunti akamwalira, banki imaitseka, ndalamazo n'kuwerengedwa ngati chuma cha masiye. Banki sidziwa kabuku kathu. Kuti titsegule akaunti ya gulu anatifunsa malamulo olembedwa, mayina a osayinira, ziphaso zawo ndi umboni wa komwe amakhala, malinga ndi lamulo la FICA la 2001. Apa panatiwawa, chifukwa ena mwa amayi odalirika koposa mapepala awo okhalira m'dziko muno anali asanalongosoke, choncho sakanatha kusayinira. Tinagwirizana kuti osayinira akhale atatu, koma ndalama zisatuluke popanda msonkhano kuvomereza, ndipo pa msonkhanopo voti ya aliyense ndi imodzi, kaya ali ndi mapepala kaya alibe.

Kulemba malamulowo kunatikakamiza kukamba zomwe tinkazemba. Wobwerera kumudzi pakati pa chaka atenga zingati? Wolephera kusonkha miyezi itatu timutani? Membala akamwalira, gawo lake tipereke kwa yani: mwamuna, ana, kapena mayi ake? Tsopano aliyense amalemba yekha dzina la wodzalandira, pa tsiku lomwe walowa.

Nkhani ya malire inabwera yokha. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inagwa ndi 44 peresenti. Anzathu osonkhera ku Lilongwe ndi ku Mzimba anapeza kuti ndalama yomweyo ikugula marandi ochepa, ndipo ena anaganiza kuti tawabera. Tinakhala pansi ndi malisiti a Mukuru, mzere ndi mzere, mpaka onse anakhutira. Kuyambira pamenepo buku lathu limawerengedwa mu marandi, ndipo mlembi amalemba mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limene chopereka chafika, pambali pa dzina la mwini wake.