Magetsi a Mapedal a Gitala: Kuchokera pa Batire la Wailesi Kufika pa Adaputa

Pedal ya gitala ndi kabokosi kachitsulo kolumikizidwa pakati pa gitala ndi ampulifaya, kamene woimba amakaponda ndi phazi akafuna kusintha kaliridwe ka choimbira chake. Kabokosi kameneka sikagwira ntchito popanda magetsi. Palibe bungwe limene linakhalapo pansi n'kugwirizana za kaperekedwe ka magetsiwo. Kampani iliyonse inkapanga zake, mpaka chizolowezi cha ena chinafala n'kusanduka cha ambiri. N'chifukwa chake chilichonse chimene woimba amayang'ana lero posankha adaputa ya sipeya chinachokera kwinakwake m'mbiri imeneyi.

Zipangizo zoyambirira zinkadalira magetsi a pakhoma. Tremolo ya DeArmond, yopangidwa ku Toledo m'chigawo cha Ohio m'zaka za m'ma 1940, inali ndi kamota kogwedeza kachitini ka madzi amankhwala, ndipo kugwedezekako n'kumene kunkachititsa mawu kukwera ndi kutsika. Kubwera kwa transistor kunasintha zinthu, chifukwa iyo imadya magetsi ochepa kwambiri. Mu 1956 kampani ya Eveready inatulutsa batire laling'ono la 9V lopangira mawailesi a m'thumba. Komabe pedal yoyamba kutchuka sinaligwiritse ntchito. Maestro Fuzz-Tone FZ-1, imene kampani ya Gibson inayamba kugulitsa mu 1962 potengera luso la Glenn Snoddy wa ku Nashville, inkayendera mabatire awiri a 1.5V. Malonda ake anali ozizira mpaka mu 1965, pamene Keith Richards anaigwiritsa ntchito mu nyimbo ya Satisfaction ya gulu la Rolling Stones. Makampani ambiri atalowa m'malondawa anasankha batire la wailesi lija, popeza linkapezeka m'sitolo iliyonse, linkakwana m'kabokosi kakang'ono, ndipo mphamvu yake inali yokwanira. Umu ndi mmene 9V inakhalira muyezo wa mapedal ambiri.

Fuzz Face, imene kampani ya Arbiter inatulutsa ku London mu 1966 ndipo Jimi Hendrix anaitchukitsa, ikusonyeza bwino mmene zinthu zinalili panthawiyo. Inkadya magetsi ochepa zedi moti batire limodzi linkatha miyezi. Inalibe polowetsa adaputa. Polowetsa waya wa gitala ndi pamene pankagwira ntchito ya switchi: waya akalowa batire layamba kugwira, akazulidwa lasiya. Mafuzz oyambirirawo anali ndi matransistor a germanium a mtundu wa PNP, amene ankachititsa kuti mbali ya positive ya batire ndiyo ilumikizidwe ku ground, mosiyana ndi mapedal ambiri a pambuyo pake. Oimba anazindikiranso kuti batire likayamba kufooka, fuzz imalira mwa mtundu wina, ndipo ena anakonda kaliridwe kameneko.

M'zaka za m'ma 1970 aliyense ankayenda njira yake. Phase 90 yoyambirira ya kampani ya MXR ya ku Rochester inkayendera batire lokha. Mapedal ena akuluakulu a Electro-Harmonix ya ku New York anali ndi thiransifoma m'kati ndiponso waya wopita pakhoma. Tube Screamer TS808 ya Ibanez ndi Rat ya Pro Co zinali ndi polowetsa adaputa pa 3.5mm, pofanana ndi pa mahedifoni, positive ili kunsonga.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1977, pamene Boss, nthambi ya kampani ya Roland ya ku Japan, inatulutsa mapedal atatu ang'onoang'ono: OD-1, PH-1 ndi SP-1. Mapedalwa anali ndi polowetsa pulagi yozungulira ya 2.1mm, negative ili pakati, positive ili kunja. Zipangizo zambiri za m'nyumba zimachita zosiyana ndi zimenezi, koma panali chifukwa chake. Kaswitchi ka mu soketi yotereyi kamakankhidwa ndi mbali yakunja ya pulagi, choncho kuika positive kunjako kunkachititsa kuti batire lidulidwe lokha adaputa ikangolowa. Mapedal a Boss anagulidwa kwambiri padziko lonse moti makampani ena anatengera kachitidweka kuti zinthu zawo zizigwirizana ndi maadaputa amene oimba anali nawo kale. Ngakhale Boss yomweyo inali ndi mitundu iwiri ya maadaputa. Adaputa ya ACA sinkawongola magetsi kuti akhale pamlingo umodzi, ndipo mapedal ake anali ndi resistor ndi diode zotsitsira mphamvu. Ya PSA inkatulutsa 9V yokhazikika. Kampaniyi inamaliza kusamukira ku PSA mu 1997, koma mapedal akale a ACA akadalipo, ndipo akapatsidwa 9V yokhazikika kanyali kawo kamayaka mozilala.

Luso la digito linathetsa ulamuliro wa batire. DD-2 ya Boss, ya mu 1983, inkadya magetsi ochuluka kwambiri kuposa fuzz, ndipo batire limene kale linkatha miyezi tsopano linkatha maola owerengeka. Kuyambira pamenepo oimba anayamba kuwerenga nambala ya mA yolembedwa pa adaputa, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene ingapereke. Mapedal ena anafuna 12V kapena 18V. Enanso, monga DL4 ya Line 6 ya mu 1999 ndi mitundu yakale ya Whammy ya DigiTech, ankabwera ndi adaputa ya AC osati DC, ngakhale nambala yake inali 9V yomweyo. Adaputa ya AC yotereyi ikalowa mu pedal ya DC ingathe kuipsereza.

Mapedal atachuluka, njira yotchipa inali kuwalumikiza onse pa adaputa imodzi ndi waya wa nthambi zambiri. Njirayi inabweretsa mavuto ake. Phokoso la pedal ya digito limadutsa m'wayamo n'kulowa mwa anzake, mng'ung'udzo wa magetsi a pakhoma umamveka mu ampulifaya, ndipo fuzz ya positive ground singagawane adaputa ndi mapedal ena. Oimba otchuka anali atapeza kale chochita: ku England, Pete Cornish ankapangira anthu ngati David Gilmour ndi Brian May mabodi okhala ndi magetsi akeake kuyambira m'ma 1970. Pambuyo pake Pedal Power ya Voodoo Lab ya ku California inafikitsa nzeruyi kwa oimba wamba. Bokosi limeneli lili ndi potulutsira magetsi pangapo, paliponse podziimira, ndipo mtundu wake wachiwiri unabwera ndi potsitsira mphamvu dala kuti ifanane ndi ya batire lofooka lija.

Maadaputa akale a thiransifoma ankapangidwira dziko limodzi: 120V ku America, 100V ku Japan, 230V ku Ulaya. Adaputa ya ku America ikalowa pa soketi ya 230V, monga za ku Malawi ndi Zambia, imapsa. Maadaputa atsopano opepuka, monga 1 Spot, amalandira magetsi kuyambira 100V mpaka 240V. Kwabweranso mabokosi a mabatire otchajidwa, amene salumikizidwa pakhoma poimba ndipo amathandiza magetsi akazima.

Choncho adaputa ya sipeya imakhala yoyenera ikagwirizana ndi pedal pa zinthu zisanu. Mavolti ayenera kufanana ndendende ndi olembedwa pa pedal. Mtundu wa magetsi, AC kapena DC, uyenera kukhala womwewo. Mbali ya negative ndi ya positive ziyenera kukhala pamalo pake, ndipo kachithunzi ka pafupi ndi soketi kamasonyeza zimenezi. Pulagi iyenera kukwana bwino, chifukwa ya 2.1mm ndi ya 2.5mm zimaoneka ngati zofanana. Nambala ya mA yokha ndi imene ingathe kupitirira popanda vuto, popeza pedal imangokoka magetsi amene ikufuna. Koma ikachepa, pedal ya digito imazima kapena kuchita phokoso. Kwa mapedal osadya magetsi ambiri monga fuzz, wah ndi overdrive, batire la 9V la mu 1956 lija likadali sipeya yodalirika, ndipo oimba ambiri amayenda nalo m'chikwama cha gitala.